Aluso a m'midzi mwathu alowe nawo m'kalasi

Akonzi,

Ndikupempha kuti mundipatseko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndipereke maganizo anga pa momwe sukulu zathu za pulayimale zimachitira ndi anthu aluso a m'midzi yozizungulira. Ndikulemba monga mphunzitsi wopuma pantchito amene ndinaphunzitsa kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu ku Ntcheu, komanso monga gogo wa ana amene ali m'makalasi omwewo lero. Pempho langa ndi lakuti amisiri oumba mbiya, oluka malichero, osema, oimba ng'oma ndi opeka nyimbo aziitanidwa kuti adzathandize pa phunziro la masamu, la sayansi, la mbiri yakale ndi la Chichewa, mwadongosolo ndiponso molipidwa. Pakali pano timawakumbukira pa tsiku lotsekera sukulu lokha, kapena pamene kukubwera mlendo wolemekezeka, ndipo akavina n'kuomberedwa m'manja timawauza kuti zikomo, azipita.

Pamene Unduna wa Maphunziro unayamba kugwiritsa ntchito silabasi yatsopano ya pulayimale m'chaka cha 2007, kuimba, kujambula, kusoka, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi zinaphatikizidwa n'kukhala phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Cholinga chinali chabwino, koma aliyense amene anagwirapo choko akudziwa zimene zimachitikira phunziroli. Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, nthawi yake ndi imene imayamba kubwerekedwa ndi masamu ndi Chingerezi, ndipo sibwezedwa. Zimene zimatsala ndi manotsi a pa bolodi okonzekeretsa ana pepala la Arts and Life Skills, moti mwana amaloweza ndondomeko youmbira mphika, n'kukhoza funso lake pa mayeso, chonsecho dongo sanaligwirepo. Mphunzitsi sitingamudzudzule kwambiri, chifukwa naye ku koleji anaphunzira zoumbazo kuchokera m'buku, ndipo kumuuza kuti aphunzitse luso limene manja ake salidziwa ndi kumukakamiza kuti aziwerenga mokweza basi. Komatu kuseri kwa bwalo la mpira la sukulu yomweyo kumakhala mayi amene wakhala akuumba mbiya kuyambira ali mtsikana.

Aphunzitsi tonse tinamvapo za TALULAR, mfundo yakuti tiziphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. Ambiri amaimvetsa mfundoyi ngati kutolera zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga, timitengo ndi makatoni, n'kuzisunga pakona ya kalasi. Zimenezo n'zothandiza ndithu, koma chuma chachikulu cha m'dera ndi anthu amene amadziwa kusandutsa nsungwi, dongo, chikopa ndi mtengo kukhala chinthu chogwira ntchito, ndipo anthu amenewa sapezeka m'masikimu (ndondomeko za zophunzitsa) a mphunzitsi aliyense.

Ndifotokoze zimene ndinaona pa sukulu ina ya kumapiri kuno, kumene mphunzitsi wachinyamata wa masamu anaitana agogo ena oluka malichero pa nthawi imene kalasi yake inkaphunzira za zinthu zozungulira. Agogowo anabwera ndi nsungwi zong'amba kale, kampeni ndi chingwe, n'kukhala pansi pa mtengo, ana atawazinga. Choyamba chimene anawo anadabwa nacho n'chakuti lichero, ngakhale ndi lozungulira, limayamba ngati kamphasa ka ngodya zinayi, kolukidwa podumpha nsungwi zingapo pamwamba ndi zingapo pansi mosaphonya, ndipo kenako kamphasako kamakanikizidwa m'kati mwa mkombero, ngodya zotsala n'kudulidwa. Mphunzitsi uja anafunsa kuti, "Agogo, mumadziwa bwanji kutalika kwa nsungwi ya mkombero musanaipinde?" Iwo anatenga chingwe, n'kuyeza kukula kwa lichero podutsa pakati, n'kubwereza muyesowo katatu pa chingwecho, n'kuwonjezerapo pang'ono. "Aphunzitsi, ndi katatu ndi kakanthu pamwamba," anatero, "kenako mumasiyako pena polumikizira." Pamenepo mphunzitsi anagawa ana m'magulu, n'kuwapatsa zingwe ndi marula kuti ayeze malichero, mbale, ndowa ndi mkombero wa njinga, ndipo gulu lililonse likagawa kutalika kwa m'mphepete ndi kutalika kodutsa pakati linkapeza zitatu ndi kakanthu kaja. Atalemba 22/7 pa bolodi, panalibe mwana wofunsa kumene nambalayo yachokera, chifukwa anali ataipeza okha ndi manja awo. Ngodya zodulidwa zija zinadzagwiranso ntchito sabata yotsatira, pamene kalasiyo inkayerekeza kukula kwa malo a chinthu cha ngodya zinayi ndi a chinthu chozungulira chokwana m'kati mwake.

Agogo aja sanapite patali ndi sukulu, ndipo sanaphunzitse masamu. Iwo analuka lichero monga amachitira masiku onse, ndipo amene anatulutsamo masamu ndi mphunzitsi. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa mmisiri akabwera yekha popanda mphunzitsi wodziwa chimene akufuna, ana amangoonerera n'kusangalala, ndipo mawa lake sipatsala kanthu.

Woumba mbiya ali ndi sayansi yochuluka kuposa imene ili m'mitu ingapo ya buku la Sitandade 6 kapena 7. Amadziwa dambo limene lili ndi dongo labwino ndi limene dongo lake limang'ambika, amachotsamo timiyala ndi mizu, amaliponda mpaka lifewe, ndipo akaumba amasalaza ndi chisononkho ndi nkhulungo. Mukamufunsa chifukwa chimene amayanikira mbiya pamthunzi kwa masiku angapo m'malo moiika padzuwa, adzakuuzani kuti ikauma mofulumira imachita ming'alu, ndipo ikaikidwa pamoto isanaumitsitse imaphulika. Mphunzitsi wa sayansi ali ndi kufotokoza kwake: dongo limachepa likamauma, choncho kunja kukauma msanga m'kati muli mwamadzi limakokana n'kung'ambika, ndipo madzi otsalira m'kati akatenthedwa amasanduka nthunzi imene imasowa potulukira. Mbiya yosaotcha mukaithira madzi imabwerera kukhala matope, koma yootcha sibwereranso, ndipo pamenepo ana aona ndi maso kusiyana kwa kusintha kumene kungabwezedwe ndi kumene sikungabwezedwe. Kufiira kwa mbiya yopsa kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo mawanga akuda amabwera pamene nkhuni zinaphimba mpweya. Ngakhale funso lakuti n'chifukwa chiyani madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu cha pulasitiki lili ndi yankho la m'silabasi, pakuti madzi pang'ono amadutsa m'timabowo ta mtsukowo n'kuuluka, ndipo pouluka amatenga kutentha. Kuno ku Dedza tili ndi mwayi wina, woti pafupi ndi boma pali Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba ziwiya kuyambira mu 1987 ndipo imaotchera m'ng'anjo zotentha kwambiri, kotero kuti ana a makalasi apamwamba akhoza kuyerekeza kapu ya kumeneko ndi mphika wa kumudzi n'kufufuza chifukwa chimene china chimadontha thukuta pamene china sichitero.

Za woimba ng'oma sindichulukitsa. Amawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike ndi kulira mokweza, ndipo amamata phula pakati kuti liwu litsike. Mphunzitsi amene akuvutika kufotokoza za kunjenjemera kumene kumabala liwu angoika timchenga pa chikopacho n'kupempha mwini ng'oma kuti aombe.

Pa mbiri yakale ndiye maboma athu awiriwa, Dedza ndi Ntcheu, ali ndi chuma chimene ena amachisirira. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, za mizere ndi timikombero, akatswiri amazigwirizanitsa ndi Akafula amene ankakhala kuno kalekale, pamene zoyera zinajambulidwa ndi Achewa ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Alendo amachokera kutali kudzaona Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, koma ana ambiri a m'munsi mwa mapiri omwewo amangomva dzina la Chongoni ngati yankho la funso la mayeso, ndipo ena mwa anthu amene amafika kumeneko amasiya maina awo olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Wojambula waluso atabwera m'kalasi, n'kuphunzitsa ana kupera katondo ndi dothi loyera kuti apange utoto, n'kuwalola kujambula pa miyala yotola kumunda kapena pa khoma limene sukulu yapatula, ana amenewo angamvetse ntchito imene inalipo kuti chojambula chimodzi chikhalepo, ndipo ndikukayika ngati mwana woteroyo angadzatolenso khala kuti akalembe dzina lake m'phanga. Kumunsi ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, kuli Kungoni Centre of Culture and Art imene Bambo Claude Boucher anaiyambitsa mu 1976, ndipo yasula osema ambiri amene ena mwa iwo akukhala m'midzi ya komweko. Osemawo amadziwa kufotokoza nkhani yonse pa thabwa limodzi, komanso amadziwa bwino kuposa wina aliyense momwe mlombwa ndi phingo zikusowera, imene ndi nkhani ya phunziro la zachilengedwe. Ku Ntcheu, mbiri ya Angoni a kwa Maseko, kuphatikizapo kuphedwa kwa Inkosi Gomani Chikuse ndi asilikali a atsamunda mu 1896, isanalembedwe m'mabuku inkasungidwa m'nyimbo za ngoma ndi m'mayamiko a mafumu. Mkulu wodziwa nyimbozo atakhala ndi ana a Sitandade 7, iwo n'kulemba zimene wanena, n'kuziyerekeza ndi zimene buku lawo likunena, angaphunzire kuti mbiri ili ndi magwero osiyanasiyana ndipo nthawi zina magwerowo sagwirizana, chinthu chimene ambiri amadzachimva atafika kale kusekondale.

Anzathu a kusekondale anatisonyeza kale kuti njira imeneyi imagwira, pakuti mipikisano ya zisudzo ya bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM yakhala ikumasula lilime la Chingerezi la ana ambiri amene m'kalasi ankangoti duu. Chimodzimodzinso mlakatuli kapena wopeka nyimbo za chimtali akhoza kuthandiza pa phunziro la Chichewa, maka pa mitu ya ndakatulo, zining'a ndi miyambi, imene imauma ikangokhala ya pa bolodi.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi anzanga amene adakali pantchito ali ndi mayankho awo, ndipo sindikuwapeputsa. Adzanena kuti silabasi ndi yaitali, nthawi ndi yochepa, ndipo sukulu imayamikiridwa potengera chiwerengero cha ana amene asankhidwa kupita kusekondale. N'chifukwa chake sindikupempha ola lowonjezera kapena phunziro latsopano. Mutu wa zinthu zozungulira uli kale m'masikimu, ndipo funso ndi lakuti kodi uphunzitsidwa ndi choko chokha kapena ndi lichero. Zoona zake n'zakuti mutu umene ana sanaumvetse timaubwereza kangapo pokonzekera mayeso, ndipo nthawi imene timati tapulumutsa pothamanga imathera komweko. Adzanenanso za kuchuluka kwa ana. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo, ndipo mulingo wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi umene boma limafuna ndi loto m'sukulu zambiri za kumudzi. Koma kalasi yodzaza ndi imene ikufunikira kwambiri munthu wamkulu wachiwiri. Mmisiri akakhala ndi gulu limodzi panja, mphunzitsi amatha kufika pa magulu enawo, ndipo mwana wa kumbuyo amene chaka chonse sakweza mkono amapezeka kuti ndiye wodziwa kung'amba nsungwi, anzake n'kuyamba kumufunsa.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya miyambo ndi zipembedzo, ndipo m'pofunika kuinena poyera. Gule Wamkulu ndi wolemekezeka, ndipo UNESCO inamuzindikira mu 2005, koma ali ndi zinsinsi zake za kudambwe zimene si za m'kalasi, ndipo alipo makolo a mipingo ina ndi a Chisilamu amene sangalole kuti ana awo akhudzidwe nazo. Zojambula zina za ku Chongoni nazonso zili ndi matanthauzo amene anamkungwi okha ndiwo ali ndi ufulu wowamasulira, ndipo amatero pa nthawi yake. Sukulu isasanduke dambwe kapena tsimba, ndipo isakakamize mmisiri kuulula zimene analumbira kusunga. Malire amenewa si mphunzitsi yekha angawaike. Pamafunika kuti mfumu, komiti ya sukulu, atsogoleri a zipembedzo ndi amayi a Mother Group akhale pansi chaka chisanayambe, n'kugwirizana zimene zingalowe m'kalasi ndi zimene zitsale kwa eni ake. Kuumba, kuluka, kusema mipini ndi mitondo, kupanga magalimoto a mawaya ndi kuimba nyimbo za pamtondo sizikhumudwitsa munthu, ndipo zokhazo n'zokwanira kudzaza chaka chonse. Anthu omwewo ndi amene angathandize kusankha woyenera kuitanidwa, chifukwa si waluso aliyense amene angaime pamaso pa ana. Alipo amisiri a manja abwino koma okonda kachasu kapena a pakamwa posasamba, ndipo mudzi umawadziwa. Lamulo likhale lakuti mlendo asatsale yekha ndi ana, mphunzitsi azikhalapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo izi ziteteze anawo komanso mbiri ya mlendoyo.

Za malipiro ndikufuna kulankhula mosapsatira, chifukwa ndi pamene zinthu zambiri zabwino zimafera. Tili ndi chizolowezi choganiza kuti munthu wa kumudzi nthawi yake ilibe mtengo, moti timamuitana kuti adzathandize ana ake omwe, n'kumupatsa botolo la zakumwa. Woluka amene wakhala m'mawa wonse pasukulu wataya malichero amene akanakagulitsa ku Lizulu kapena ku Chimbiya, ndipo nsungwi zimene ana aonongera pophunzira anazigula kapena anakazidula kutali. Akabwera kamodzi mwaulemu, ulendo wachiwiri adzati wadwala. Sukulu za pulayimale zimalandira ndalama za School Improvement Grant, zimene komiti ndi makolo amakambirana kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo ngakhale ndi zochepa komanso zimachedwa, mbali ina ya ndalamazo ndi yotukulira kaphunziridwe ka ana. Sindikuona chifukwa chimene kulipira mmisiri ndalama yofanana ndi imene akanapeza pa tsiku la msika kungakhalire kosayenera kuposa kugula tchati chosindikizidwa mumzinda. Ngati malamulo a ndalamazo sakulola, Unduna uwaunikenso. Ndipo zimene ana apanga, kaya ndi timiphika kapena timadengu, zikhoza kugulitsidwa pa tsiku la makolo, ana omwewo n'kuwerengera zimene zinalowa ndi phindu lake, umene ndi mutu winanso wa masamu.

Mabungwe amene amabwera ndi magalimoto, n'kujambula khoma la sukulu tsiku limodzi, n'kutola zithunzi za ana akumwetulira, ndiwathokoze pa utoto wawo, koma zimenezo si zimene ndikunena. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti wojambula kapena wazisudzo wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre akhoza kubweretsa nzeru zatsopano. Komabe abwere atakambirana ndi mphunzitsi za mutu umene ana ali nawo, abwerenso kangapo kuti ntchitoyo ikhale ndi chiyambi ndi mapeto, ndipo agwire limodzi ndi mmisiri wa pamalopo amene adzatsale iye akapita. Chikonzero cha phunziro chilembedwe ndi mphunzitsi atacheza ndi mmisiri kunyumba kwake, ataona momwe amagwirira ntchito, ndipo chisonyeze chimene mwana ayenera kudziwa pomaliza ndi momwe adzayesedwere. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, koma izi zisatsekereze mmisiri pakhomo: iye alankhule Chichewa chake, ndipo mphunzitsi apereke mawu a m'buku ana atagwira kale chinthucho.

Pempho langa likupita kwa anthu amene angathe kuyamba popanda kudikira chikalata chochokera ku Capital Hill. Alangizi a maphunziro a m'mazoni, amene timawatchula kuti ma PEA, apemphe mphunzitsi wamkulu aliyense kuti alembe maina a aluso a m'midzi yozungulira sukulu yake, ndipo kaundulayo asungidwe ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirana, kuti sukulu yopanda woumba izitha kubwereka wa sukulu yoyandikana nayo. Pa misonkhano ya aphunzitsi ya ku TDC komweko, m'malo momangomvetsera munthu mmodzi akuwerenga pepala, tsiku lina aitanidwe mmisiri kuti aphunzitsi ayambe ndiwo kudetsa manja. Koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke ili pakati penipeni pa midzi ya amisiri amenewa, ndipo ingachite bwino kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense, popita kukayeserera kuphunzitsa, akonzeko phunziro limodzi pamodzi ndi waluso wa m'deralo. A Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amalemba mabuku a aphunzitsi, aikemo zitsanzo zoterezi pansi pa mitu ya masamu ndi sayansi, osazisiya ku Expressive Arts kokha, ndipo a MANEB aganizirepo zofunsa mafunso amene mwana amene anayezapo mkombero ndi chingwe angawayankhe bwino kuposa amene anangoloweza, chifukwa chimene mayeso amafunsa ndi chimene sukulu zimaphunzitsa.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, nthawi imene kunja kuli kouma, dongo likuuma bwino pamthunzi, ndipo amisiri sanatanganidwe kwambiri ndi kumunda. Mvula ikangogwa, woumba ndi woluka yemwe amakhala ali kubzala ndi kupalira, ndipo sadzapezekanso mpaka atakolola. Choncho sukulu imene ikufuna kuyesa zimenezi iyenera kukhala italemba maina ndi kukambirana ndi mfumu ndi komiti teremu yachitatu isanathe, kuti mitu yofuna dongo ndi nsungwi idzaikidwe m'masabata oyambirira a teremu yoyamba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza.